Gwira Chitseko, Malawi

Abale ndi alongo, mwaswera bwanji? Ndikuona nkhope zatsopano lero, takulandirani. Ine dzina langa ndi Lameki Nkhoma, kwathu ndi ku Ntcheu, koma muno mu Nairobi ambiri amangonditchula kuti Malawi wa zitseko. Ntchito yanga ndi yokonza zitseko za magalaja, makamaka m'nyumba zakalekale zija za ku Tigoni, ku Limuru ndi ku Karen, kumene mwezi wa Julayi ukafika munthu umagona ndi masokosi. Ndinali chidakwa, mowa ndinasiya, ndipo ndaima pano kuti ndikuuzeni mmene zinayendera. Sindikometsa, chifukwa ena mwa inu muli pamene ndinali ine, ndipo mukhoza kundigwira bodza msanga.

Sindinabwere kuno ndi sipanala m'manja. Ndinabwera nditamanga tayi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nditalembedwa ntchito ndi bungwe lina lothandiza anthu. Ndinkayang'anira nyumba zosungiramo chimanga ndi nyemba zimene tinkatumiza kumadera a nkhondo kumpoto uku. Ntchito inali yabwino, ulemu unalipo, galimoto ndinagula. Patapita miyezi ingapo ananditsatira akazi anga, a Eneresi, pamodzi ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, Tadala.

Nyumba anasankha ndi mayi a Tadala. Iwo kwawo ndi ku Dedza, ndiye titafika ku Tigoni n'kuona chifunga chitakuta minda ya tiyi, anaima chilili n'kunena kuti, "Kuno ndiye kwathu." Inali nyumba yamiyala, yomangidwa ndi azungu akale, yokhala ndi pokolezera moto m'chipinda chochezera. Mwini wake anali mayi wina wamasiye wachikikuyu amene ankakhala pafupi pomwepo. Pambali pake panali galaja, ndipo chitseko cha galajayo chinali chimodzi chathunthu, cha matabwa olemera ngati ng'ombe. Potsegula unkachikankhira m'mwamba, masipuling'i ndi zingwe za waya za m'mbali mwake n'kukuthandiza kuchinyamula mpaka chitagona kudenga.

Mowa unayamba ngati macheza. Lachisanu tikaweruka, nyama yowotcha, imene kuno amati nyama choma, ndi botolo limodzi kapena awiri. Kenaka Lachitatu linayamba kufanana ndi Lachisanu. Kenaka botolo linapeza malo m'dilowa ya ku ofesi, lina m'kabokosi ka m'galimoto. Ndinkatafuna chingamu ngati mbuzi, n'kumaganiza kuti palibe akumva fungo. Kutchalitchi ndinkapitabe, nyimbo ndinkaimba ndi besi yabwino ndithu, koma maso ali pa wotchi. Mayi a Tadala akalankhula ndinkawayankha kuti ntchito yanga ndi yolemetsa mutu, sangaimvetse.

Nyengo yozizira itafika, chitseko cha galaja chija chinayamba kuvuta. Kuzizira kwa kumeneko n'kofanana ndi chiperoni cha kwathu, mvula yamawawa tsiku lonse, ndiye matabwa amamwa chinyezi n'kufufuma. Chitseko chinayamba kulemera, kukhuza m'mbali, ndipo chingwe chimodzi chinayamba kuyoyoka timawaya. Chikatsegulidwa sichinkakhalanso m'mwamba, chinkatsetsereka pang'onopang'ono.

"Bambo a Tadala, chitseko chija muitanitse fundi," ankatero akazi anga.

"Ndamva, Loweruka."

Loweruka likafika ndinali ndi matsire. M'malo moitana fundi, ndiye kuti mmisiri m'kalankhulidwe ka kuno, ndinadula mtengo wa bulugamu n'kumachirikiza nawo. Ndinkadzitamanso kuti ndapeza nzeru yosalira ndalama.

Tsiku lina ndinabwera nditaledzera kwambiri, ndinalowetsa galimoto m'galaja, mphamvu zotulukira zinandithera, ndinagona pa chiwongolero pomwepo. Chitseko chinakhala chotsegula, chili pa mtengo uja. M'mawa kutacha Tadala, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anavala yunifolomu, kachikwama kali kumsana, n'kubwera kudzandifuna kuti ndimuperekeze kusukulu. Akuti anagogoda pa galasi akuitana kuti, "Adadi, dzukani!" Ine sindinamve. Anatembenuka kuthamangira kwa amayi ake kukawauza kuti adadi agona m'galimoto. Lamba wa kachikwama kaja anakola mtengo.

Chimene chinandidzutsa chinali chiphokoso, ndiyeno kulira kwa mwana wanga. Chitseko chinamugwetsera kunja n'kumupana mwendo. Ndisanapeze ngakhale chotsegulira chitseko cha galimoto, amayi ake anali atafika kale. Mphamvu anazitenga kuti sindidziwa, koma analowetsa phewa, kuchitukula pang'ono, n'kumusolola mwanayo. Atachisiya chinagwa chopendekera n'kudzipanikiza m'felemu. M'galajamo munada bii. Khomo lina munalibe, kazenera kanali ndi zitsulo. Galimoto imene ikanathamangitsa mwana kuchipatala inali m'katimo, woyendetsa wake ndili momwemo, ndikununkha.

Ndinakankha, kumenya, kufuula. "Mayi a Tadala! Dikirani, nditsegula!"

Anandiyankha ndi mawu ozizira amene sindinawamvepo chikwatirane. "Khalani momwemo."

Anamubereka ndi chitenje, mwana wamkulu kale miyendo ikulendewera, n'kutsika naye kumsewu kukadikira matatu, maminibasi a kuno, m'mvula. Ndinamva kulira kukutalikira mpaka kunati zii.

Apa ndi pamene ndimafuna mundimvetse bwino. Mwina mukuganiza kuti ndinagwada m'mdimamo n'kulapa. Ayi. Ndinabwerera m'galimoto, ndinatsegula kabokosi kaja, ndinamwa zimene zinatsala m'botolo. Mwana wanga wathyoka mwendo chifukwa cha ine, ine ndikumwa. Ngati alipo wina muno amene anachitapo chinthu chonga chimenechi n'kumaganiza kuti ndi iye yekha padziko, dziwani kuti tilipo awiri.

Masana mwini nyumba anabwera ndi fundi. Ndinamva zitsulo zikugogoda, kenaka kuwala kunalowa, ndipo ndinaona kamdala kakafupi kovala chipewa choluka, dzanja lamanzere lopanda zala ziwiri. Ameneyo anali Mzee Barasa, wa ku Kangemi. Anayang'ana chingwe chodukacho, anayang'ana mtengo wanga wa bulugamu, anayang'ana ine. Anangoti, "Pole," ndiye kuti pepa, n'kupitiriza ntchito yake.

Zotsatira zake ndinena mwachangu, chifukwa nazonso zinachitika mwachangu. Tadala anamuika chikhakha. Atatuluka m'chipatala, amayi ake sanabwererenso ku Tigoni, anapita naye kwa msuweni wawo kuno ku Madaraka, n'kupeza ntchito mu ofesi ya mpingo wina. Ine manyazi anandipatsa chifukwa chatsopano chomwera. Kuntchito anandichenjeza, anandipatsa tchuthi, anandichenjezanso, mapeto ake anandichotsa. Galimoto inapita, mipando inapita, masuti anapita. Ndinapezeka ndili ku Kangemi, m'kachipinda kamalata, ndikumwa chang'aa, kachasu wa kuno, amene amakuwotcha kuyambira pakhosi mpaka m'mawondo. Ndikaona Mmalawi mnzanga pamsewu ndinkakhotera m'kanjira. Kumudzi ndinasiya kutumiza mawu. Ndinakhala choncho zaka pafupifupi ziwiri, ndipo za masiku ambiri sindikumbuka chilichonse.

M'mawa wina ndinali nditakhala pa siteji ya matatu, ndikuwotha dzuwa limene kunalibe, ndipo wina anandigunda nsapato ndi chikwama cha zitsulo.

"Iwe si Malawi wa m'galaja uja?"

Ndinakweza maso. Chipewa choluka chomwe chija. Ndinafuna kukana, koma nkhope yanga inali itavomera kale.

"Mwana ali bwanji?" anafunsa.

"Ndinamva kuti akuyenda."

"Unamva." Anaika chikwama chija pansi. "Ine phewa langa latha. Ndikufuna munthu wamtali woti azindigwirira zitseko. Iwe ndiwe wamtali, ndipo ndikuona kuti sukuchedwa kupita kulikonse. Mawa pompano, kusanache bwino. Koma ubwere usanalawe kanthu, chifukwa sipuling'i ikamva fungo la mowa imaluma."

Mawa lake ndinabwera nditalawa pang'ono, kongoti manja akhazikike. Anandiyandikira, ananunkhiza ngati mayi woyesa mkaka, n'kunena kuti, "Mawa." Anakwera matatu, kundisiya. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Sanandikalipire, sananditchulire vesi, ankangoti, "Mawa." Zinandikwiyitsa kwambiri. Ndinkadzifunsa kuti kamdala aka kakudziona ngati ndani. Ndikuganiza kuti tsiku limene ndinabwera ndisanamwe, chinandidzutsa ndi mkwiyo womwewo, kufuna kumuonetsa kuti ndingathe.

Ndinafika ndikunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa. Ananunkhiza, anagwedeza mutu, anandilowetsa m'kanyumba ka tiyi n'kundigulira tiyi wamkaka ndi mandasi. Kapu ndinachita kuigwira ndi manja awiri, theka linatayikira pa thalauza. Iye ankayang'ana kumbali ngati sakuona.

Tinakwera matatu a ku Limuru. Unali mwezi wa Julayi, chifunga chili mbuu, moti dalaivala ankayenda atayatsa nyali. Tinatsika pa nyumba ina yakale ya aphunzitsi awiri opuma ntchito. Mwamuna anali wodwala impso, ankayenera kupita kuchipatala masana omwewo, koma galimoto inali itatsekeredwa m'galaja chifukwa chitseko chinakana kutseguka. Mayi wa pakhomopo, gogo wa tsitsi loyera, anatilandira atafunda bulangete, maso ali ofiira.

Ndinachiyang'ana chitsekocho. Chinali chofanana ndi chija, matabwa akuda olemera, penti itakanganuka, pansi pake patafufuma ndi chinyezi. Mzee Barasa anachizungulira, kuchigogoda, kusuzumira m'mbali. Vuto linali chitsulo cha pakona ya pansi, pomwe pamamangidwa chingwe, chinali chitadyeka ndi dzimbiri n'kupindika. Tinachikankha tonse awiri mpaka chinakwera kufika m'chiuno. Iye analowa m'kati, anachita zimene anachita kumbali kumene ine sindinkaona, anamasula sipuling'i ya mbali imodzi, n'kubwerera.

"Ima apa. Ika manja apa ndi apa. Phewa lilowe pansi. Usasunthe."

Kulemera kwake kunanditsikira m'msana mpaka m'zidendene. Ndiye ndinaona mdala uja akuyala chiguduli pansi, pakhomo penipeni, n'kugona chagada, mutu ndi khosi zili pansi pa chitseko chimene ndagwira ine.

"Mzee, mukutani?"

"Mabawuti ali pansi. Ukufuna ndiwamasule ndili ku Kangemi?"

"Mzee, tulukani, chonde. Ine manja anga sali bwino."

"Ndawaona."

"Simukundimva. Ine ndi chidakwa. Ndinagwetsera mwana wanga chitseko ngati chomwechi."

"Ndinalipo. Gwira, Malawi."

Abale anga, sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Bawuti yoyamba inamasuka bwino. Yachiwiri inali itagwirana ndi dzimbiri, moti anachita kuithira mafuta n'kumadikira kuti alowerere. Zala zanga zinachita dzanzi ndi kuzizira, koma thukuta linkayenderera m'maso. Pakhosi panauma gwaa, thupi lonse likupempha kadontho kamodzi kokha. Ndikayang'ana pansi ndinkaona khosi lake, lamakwinya, mtsempha ukugunda pang'onopang'ono ngati munthu ali pa mphasa kwawo.

Ndipo iye ankangocheza. Ankandiuza za nkhuku zake za kumudzi, kumadzulo kwa dziko lino, kuti kuli tambala wina wamwano amene amathamangitsa abusa akabwera kudzacheza. Ankandifunsa ngati ku Malawi nkhuku zimadya chinangwa. Ine ndikulira ndi mano, iye akufuna kudziwa za chinangwa.

"Zimadya, Mzee. Fulumirani."

"Chophika kapena chachiwisi?"

Panafika nthawi imene ndinamva dzanja lamanja likutsetsereka pa thabwa lonyowalo. Ndinafuula dzina la Yesu, osati ngati kutchalitchi, koma ngati munthu amene akumira. Ndinakanikiza phewa mpaka khungu linasupuka, ndinaluma mlomo mpaka magazi, koma sindinasiye. M'mutu mwanga munalibenso za manyazi, za ntchito imene inatha, za amene anandinyoza. Munali chinthu chimodzi chokha, chakuti mdala uyu atuluke wamoyo.

Kenaka ndinamva, "Basi. Tsitsa pang'onopang'ono."

Anabwezera sipuling'i, anapala pang'ono m'mbali mmene munkakhuza, anapaka girizi. Gogo uja anayesa yekha, chitseko chinakwera ndi dzanja limodzi, ndipo anaseka ngati kamtsikana. Anawatulutsa amuna awo atawafunditsa, n'kuwakweza m'galimoto. Ine ndinazembera kuseri kwa galaja, ndinakhala pa mulu wa nkhuni, n'kulira kulira kumene sindinalire tsiku la Tadala. Kwa zaka ziwiri panalibe munthu amene akanandisungitsa ngakhale ambulera, ndipo ndinkagwirizana nawo. Lero munthu waika khosi lake m'manja mwanga, ndipo watuluka akukamba za nkhuku.

Mzee Barasa anandipeza komweko. Anakhala pambali panga, anandionetsa dzanja lake lija la zala zoperewera.

"Izi sizinadyedwe ndi fisi," anatero. "Ndinapita kukamasula sipuling'i nditamwa. Ndinali ndi msinkhu ngati wakowu. Tiye, matatu atisiya."

Musanapite kukayesa zimenezi kunyumba, ndikuuzeni mapeto ake. Patapita miyezi, nditayamba kuidziwa ntchito, ndinazindikira kuti palibe fundi wamutu wabwino amene amalowa pansi pa chitseko chongogwiridwa ndi munthu. Ndinamufunsa. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine ndili ndi ana ndi zidzukulu. Ukuganiza kuti ndingapereke khosi langa kwa munthu wonjenjemera? Ndinali nditapana chitsulo m'mbali muja. Ukanasiya, chikanatsika pang'ono n'kuima."

"Nanga munandivutitsiranji choncho?"

"Iwe sunkadziwa. Ndipo unagwira."

Ndinakhala tsiku lonse osamulankhula, iye akungoimba mluzu.

Tsopano za kubwerera, chifukwa kulira kuseri kwa galaja sikuchiritsa munthu. Usiku wa tsiku lomwelo thupi linandiukira, ndinayamba kuona zinthu zoyenda pakhoma. Mzee Barasa ananditengera kuchipatala chaching'ono, ndipo anandiuza kuti ndikawauze adokotala zoona zokhazokha, kuchuluka kwa mowa umene ndinkamwa ndi nthawi imene ndakhala ndikumwa. Ndikukupemphani, ngati mwamwa kwambiri kwa nthawi yaitali, musasiye nokhanokha mutadzitsekera m'chipinda. Zikhoza kukuphani. Pitani kuchipatala, ndipo musakachepetse nkhani.

Nditatuluka anandiperekeza ku kagulu konga kano, kamene kankakumana m'kalasi ya sukulu ya mpingo. Masabata oyamba ndinkangokhala duu, kumvetsera. Ndinasintha siteji yotsikira, chifukwa yakale inali moyang'anana ndi nyumba ya mayi amene ankatigulitsa chang'aa, ndipo mayiyo ankandidziwa dzina. Ndinkalolera kuyenda mtunda wautali m'matope. Ndinaphunzira kudya m'mawa, chifukwa ndinaona kuti nthawi zambiri chimene ndinkachitcha ludzu la mowa inali njala chabe. Loweruka masana, nthawi imene inali yoopsa kwa ine, ndinkakhala kwa Mzee tikutsuka zitsulo ndi palafini, ngakhale zinali zoyera kale.

Ndinagwapo kamodzi. Kunali maliro a Mmalawi mnzathu, anthu anasonkhana kukonza zotumiza thupi kumudzi, wina anandipatsa botolo ndipo ndinachita manyazi kukana. Ndinadzuka m'ngalande. Ndinapita ndekha kukamuuza Mzee, ndikuyembekeza kuti andithamangitsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndikasambe, ndikagone, ntchito ilipo. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kunena poyera kuti, "Pepani, ine sindimwa, ndinadwala nawo." Anthu amadabwa kamphindi, kenaka amakupatsa soda.

Ntchito nayo ndinaikonda, mwina kuposa ya tayi ija. Zitseko zakale za kumalo ozizira zili ndi khalidwe lake. Poti ambiri a inu mumachita lendi nyumba zoterezi, ndikupatseni pang'ono zaulere. Chitseko chikafufuma m'nyengo yozizira musathamangire kuchipala kwambiri, chifukwa dzuwa likabwera chidzanyala n'kusiya mpata wolowa makoswe. Palani pongokhuza pokha, ndipo kukauma mupake penti m'mphepete mwa pansi, chifukwa ndi mmene madzi amalowera. Oilo wakuda wochotsa m'galimoto musapake, amagwira fumbi n'kulimba kukazizira, gulani girizi. Mukaona chingwe chayamba kuyoyoka, ngakhale kawaya kamodzi, tsekani chitsekocho, ana asayandikire, itanani fundi tsiku lomwelo. Sipuling'i musaikhudze nokha. Ndipo chitseko sachirikiza ndi mtengo. Zimenezi ndikunena ndi mtima wonse.

Chovuta kuposa zonse chinali kukwera masitepe a kuno ku Madaraka. Ndinadikira mpaka nditakhala miyezi yambiri osamwa. Lamulungu lina ndinavala malaya oyera obwereka, ndinagula nthochi, ndinagogoda. Anatsegula mayi a Tadala. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwaonda," anatero.

"Ndasiya mowa, mayi a Tadala."

"Munasiyanso kambirimbiri."

"Zoona."

Sanandilowetse. Anaitana mwana kuti adzandipatse moni pamasitepe pomwepo. Tadala anali atatalika, mwendo unapola, kungoti kukazizira ankatsimphina pang'ono. Anandipatsa dzanja ngati mlendo, maso ali pansi, n'kubwerera m'nyumba. Ndinatsika masitepe aja, ndipo ndikuuzeni zoona, bala iliyonse ya m'njira inkandiitana ndi dzina. Ndinapita molunjika kwa Mzee kukatsuka masipanala.

Lamulungu lotsatira ndinapitanso, ndi linalo, ndi linalo. Sindinapemphe kanthu. Ndinapepesa kamodzi, momveka bwino, kwa mayi ndi kwa mwana yemwe, popanda kunamizira Satana kapena ntchito. Pang'onopang'ono masitepe anasanduka khonde, khonde linasanduka mpando wa pafupi ndi khomo. Tsiku lina Tadala anandigwira chala n'kufunsa chifukwa chake zikhadabo zanga zili zakuda. Ndinamufotokozera za girizi. Anati ndizisamba ndi mandimu, aphunzitsi awo anatero. Sabata yotsatira ndinapeza wandisungira mandimu awiri m'kapepala.

Zinatenga zaka, osati miyezi. Ngakhale mapepala anga okhalira m'dziko muno anali atasokonekera, ndipo amene anadzandithandiza kuwalongosola ndi mayi a Tadala omwewo, akung'ung'udza njira yonse. Ena a inu akazi anu kapena amuna anu sadzabwerera, ndipo sindingakunamizeni kuti mukasiya mowa zonse zibwerera m'malo. Siyanibe. Ine ndinali nditavomera mumtima kuti mwina ndidzafera pa mpando wa pafupi ndi khomo uja, ndipo ndinaona kuti ngakhale pamenepo ndi pabwino kuposa m'ngalande.

Loweruka lina m'nyengo yozizira tinali pa kashedi kathu kogwirirapo ntchito ku Kangemi, tikuwongola chitsulo, ndipo ndinangoona mayi wovala bwino akudumpha zithaphwi, jumbo ili m'manja. Anali akazi anga. Sanayambe ndi ine. Anapita kwa Mzee Barasa, anamupatsa moni mwaulemu, n'kumutengera pambali. Ndinkangomva Chiswahili chawo cha ku Dedza chikugundana ndi cha mdalayo. Ankamufunsa ngati wapolisi, kuti ndimafika nthawi yanji, ndimapita kuti ndikaweruka, ndimacheza ndi ndani. Mzee ankayankha akuloza kumwamba. Pomaliza ndinamva akunena kuti, "Mama, ntchito amaitha, koma amadya kwambiri. Mutengeni, wandimaliza."

Anabwera kwa ine, anatulutsa juzi yaubweya m'jumbo muja, yoluka okha, n'kundiponyera pachifuwa.

"Mukuyenda m'chisanu chonsechi ndi kamalaya kamodzi, anthu aziti mulibe kwanu?"

Ndinaivala pomwepo, pamwamba pa ovololo yamafuta. Manja ake anali aafupi, koma sindinanene.

"Ndapeza nyumba ku Syokimau," anapitiriza, akuyang'ana zitsulo osati ine. "N'kutali, kuli fumbi, madzi ndi ogula. Koma ndi yaikulu, ine ndi Tadala sitingaidzaze." Anapinda jumbo ija. "Sindikunena kuti ndaiwala, bambo a Tadala."

"Sindikupempha kuti muiwale."

"Chabwino. Lole ibwera Loweruka. Mubwere mudzanyamule katundu, ndipo wanunso mubwere naye."

Katundu wanga yense anakwana m'chikwama chimodzi ndi bokosi la zitsulo. Mzee Barasa anaumirira kutiperekeza, akuti akaone ngati zitseko za nyumbayo zili bwino, koma sananyamule ngakhale supuni. Anakhala pa sofa pamwamba pa lole, chipewa chili pamutu, akubayibitsa anthu m'njira monse ngati phungu.

Syokimau ya masiku amenewo inali tchire, nyumba patalipatali, ndege zikudutsa pamutu. Tikutsitsa katundu, kamtsikana ka nyumba yoyandikana nayo kanabwera kudzaonerera, n'kuyamba kucheza ndi Tadala. Ine ndinali nditasenza matiresi, nditavala ovololo ndi juzi ya manja aafupi ija, fumbi lili thupi lonse. Ndinamva kamtsikanako kakufunsa kuti, "Uyo ndi fundi wanu?"

Ndinaima, matiresi ali pamutu, osatembenuka.

"Ndi fundi, eya," anayankha Tadala. "Amakonza zitseko za magalaja. Ndi adadi anga." Kenaka anakweza mawu. "Adadi, matiresi amenewo ndi a chipinda chanu, chakumanzere. Musawaike pansi, muwadetsa."

Ndinawalowetsa m'chipinda chakumanzere, ndipo ndimagona momwemo mpaka lero.

Mawu anga athera pamenepa. Tiyi wapsa kumbuyoko, tiyeni timwe asanazizire. Amene akufuna kulankhula nane payekha andipeze, lero sindikuthamangira kulikonse.